In, on kapena at? Mmene mungagwirire ma preposition osachita kulotera

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa kaye. Kalata yanga yoyamba yofunsira ntchito, nditangomaliza Form 4, ndinalemba kuti "I am writing to apply a job of clerk" ndipo ndinaiwerenga kanayi konse ndikuona kuti ili bhobho, nkukaipereka ndekha pa ofesi ina yake nditavala shati yobwereka kwa achimwene anga. Mayi amene amalandira alendo pa ofesipo anaiwerenga ine ndili chiimire, anatenga bolopeni yofiira nkuika kamawu kamodzi kokha pakati pa apply ndi a job, ka for, kenako anandibwezera akuti "kalembenso mwana wanga, abwana akaona izi sapitiriza kuwerenga." Zilembo zitatu zokha abale, koma thukuta linachita kutsika kumsana.

Timawu timeneti, in, on, at, to, for, from, by, with, of, about ndi tinzake, ndi tomwe mu kalasi ya Chichewa tinkati aperekezi, koma tonse tinazolowera kungoti ma preposition ndiye tipitirize choncho. Amene anadutsa ku sekondale akudziwa kuti ukalakwa English satifiketi ya MSCE palibe, ndipo timawu timeneti timadya malikisi mwakachetechete, mu grammar momwemo komanso mu composition. Ena mukukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS kuti mukagwire ntchito ku UK, ena mumangofuna imelo yopita kwa abwana izioneka bwino. Njira yake ndi imodzi ndipo ndiiyala mmene ndimachitira ndi ana amene ndimawathandiza madzulo.

Sitepe yoyamba: dziwani pamene Chichewa chikukupusitsani

Musanaloweze lamulo lililonse, yambani mwaona chimene chimachitika m'mutu mwanu. Ambiri timaganiza m'Chichewa kenako nkumasintha liwu ndi liwu, ndipo pa ma preposition mpamene njira imeneyi imatigwetsa. Tengani ka ku kathuka. Ndikupita ku Zomba, ndimakhala ku Zomba, ndachokera ku Zomba, mwana ali ku sukulu. Ife ndi ku yemweyo kanayi konse, mneni ndi amene akutiuza ngati munthu akupita, akukhala kapena akuchokera. Chingerezi chimafuna mawu anayi osiyana: I am going to Zomba, I live in Zomba, I have come from Zomba, the child is at school. Ndiye munthu amene analoweza kuti ku ndi to basi, mawa lake alemba "I live to Zomba" ali ndi mtima wonse.

Ka ndi nako nkachinyengo kuposa apa. Ndadula ndi mpeni ndi with a knife, walumidwa ndi galu ndi by a dog, izi ambiri timakhoza. Koma anakwatiwa ndi mphunzitsi si married with a teacher ayi, ndi married to a teacher. Married with imagwira ntchito pena pake, ukamva kuti he is married with three children ndiye kuti ali pabanja ndipo ali ndi ana atatu, ndiye tangoganizani mwalemba kuti mchemwali wanu is married with a teacher, mzungu aganiza kuti ali pabanja komanso akusunga mphunzitsi pakhomo. Kusiyana ndi, ndi different from. Kufanana ndi, ndi similar to kapena the same as. Onsewa ife timati ndi, iwo aliyense ali ndi kake.

Palinso china chimene ambiri sitichizindikira, chakuti Chichewa chimabisa preposition m'kati mwa mneni. Kuphika, kuphikira. Kufotokoza, kufotokozera. Ka -ira kapena -era ako ndi komwe Chingerezi chimakatulutsa panja nkukhala for kapena to. Nchifukwa chake timamva "explain me" mmalo mwa explain to me, popeza m'mutu muli ndifotokozereni ndipo munthu sakuona kuti pasowa kanthu. Chimodzimodzi ndikukudikira imabereka "I am waiting you" pamene yoyenera ndi I am waiting for you, ndipo ndimvereni imabereka "listen me" pamene yoyenera ndi listen to me. Reply nayenso amafuna to, mumati reply to my message, koma answer safuna kanthu, answer my message basi.

Ntchito yanu pa sitepe iyi ndi yophweka. Tengani ma meseji khumi a Chingerezi amene munalemba pa WhatsApp sabata yathayi, paliponse pamene pali preposition dzifunseni kuti kodi ndinaika kameneka chifukwa ndikudziwa kapena chifukwa m'Chichewa timatero. Mudabwa nazo.

Sitepe yachiwiri: malo

Apa pokha Chichewa chimatithandizako, tisachinyoze. Ka mu kathu pafupifupi nthawi zonse ndi in. M'nyumba, m'thumba, m'madzi, m'kalasi, zonsezi in the house, in the pocket, in the water, in the classroom. Chinthu chazunguliridwa, chili m'kati, in. Vuto lili pa ka pa chifukwa kamagawika pawiri. Chinthu chikakhala pamwamba pa chinzake chikukhudza, monga mbale patebulo, chithunzi pakhoma, chimanga padenga, imeneyo ndi on. Koma pa akamaloza malo ngati kadontho, poti ukhoza kuuza munthu kuti undipeza apa, monga pa siteji, pageti, pa roundabout, pakhomo la tchalitchi, imeneyo ndi at. At the bus stop, at the gate, at the roundabout. Mukalemba kuti I am on the gate ndiye kuti mwakwera pamwamba pa geti ngati wakuba.

Mizinda, maboma, mayiko ndi madera okhala anthu zimatenga in: in Mzuzu, in Dedza, in Malawi, in Ndirande, in Area 25, in Johannesburg. Malo amodzi odziwika amene ali m'kati mwa mzindawo amatenga at: at Kamuzu Stadium, at Chileka Airport, at the market, at the bank. Ndiye chiganizo chimodzi chikhoza kunyamula onse awiri, we met at Bingu National Stadium in Lilongwe, kakang'ono at, kakakulu in. Misewu, zilumba ndi magombe zimakonda on: on the M1, on Likoma Island, on the shores of Lake Malawi. Ndipo nyanja yomweyo imasintha malinga ndi chimene ukuchita, amene akusambira ali in the lake, koma Ilala ikamayenda ili on the lake, ikakhala in the lake ndiye kuti kwagwa zovuta.

Za maulendo ndi zimene zimasokoneza kwambiri ndiye tikhalepo pang'ono. Ukamangotchula njira imene wayendera, umagwiritsa by popanda a kapena the: by bus, by car, by train, by air. Wapansi yekha ndi amene amapatuka, timati on foot. Koma ukamanena kuti uli m'kati mwa chinthucho panopa, pamabwera on ndi in. Kalamulo kamene kamandithandiza ine ndi aka, ngati ungathe kuimirira nkuyendayenda m'katimo, kapena ngati umachita kukhalira pamwamba, ndi on: on the bus, on the plane, on the train, on the Ilala, on a bicycle, on a motorbike. Ngati umalowa chowerama nkukhala pomwepo, ndi in: in a car, in a taxi. Ndiye wa pa kabaza ali on, wa mu Sienta ali in. Nanga minibasi? Onse awiri amamveka, ine ndimakonda in chifukwa aliyense amene anakhalapo anayi anayi mpando wakumbuyo akudziwa kuti mulibe zoimirira mmenemo.

Zapafoni ndi pawailesi pafupifupi zonse ndi on: on Facebook, on WhatsApp, on the radio, on TV, on the phone, on the internet. Apa Chichewa chikugwirizana nafe poti timatinso pa Facebook, pa wailesi. Zapapepala ndi in: in the newspaper, in the book, in the letter, koma tsamba lenileni ndi on page 12.

Atatu awa muwasamale. Home safuna to, timati I am going home, osati "going to home", ngakhale ukakhala uli pakhomo umati I am at home. Arrive satenga to ngakhale pang'ono, ndi arrive in Blantyre kapena arrive at the depot, lamulo lomwe lija la kakakulu ndi kakang'ono. Ndipo reach satenga chilichonse, we reached Karonga, osati "reached at Karonga".

Sitepe yachitatu: nthawi

Ma at, on ndi in omwe aja abweranso koma pano ndi osavuta, ingoganizani kuchokera pa kakang'ono kupita pa kakakulu. Nthawi ya pa wotchi ndi at: at 7 o'clock, at 12:30, at noon, at midnight. Tsiku kapena deti ndi on: on Monday, on 15 January, on my birthday. Mwezi, chaka ndi nyengo ndi in: in March, in 2020, in the rainy season. Njira yabwino yolowezera ndi kutenga deti limene simungaiwale nkumalisewera. Malawi became independent on 6 July 1964. Mukachotsa 6 yo nkusiya mwezi, chiganizo chisintha, in July 1964. Mukasiya chaka chokha, in 1964. Tsiku likangotchulidwa, on walowa, ngakhale mwezi ndi chaka zikhalepo. Yesani nokha ndi referendamu ya pa 14 June 1993, kapena ndi tsiku lanu lobadwa.

Pali tina topatuka toti mungotiloweza basi osafunsa chifukwa. In the morning, in the afternoon, in the evening, koma at night. Ukangophatikiza dzina la tsiku, on amalanda, on Monday morning, on Friday night. At Christmas ndi nyengo yonse ya Khirisimasi, on Christmas Day ndi pa 25 December penipeni. Weekend ili pawiri, a ku Britain amati at the weekend, a ku America amati on the weekend, onse akukhoza koma poti sukulu zathu zimatsata kalembedwe ka ku Britain, pa mayeso ine ndingasankhe at.

Kenako pali pamene sipafunika preposition konse. Mawu oti next, last, this, every akakhala kutsogolo, musaikepo kanthu. I saw him last Friday, osati "on last Friday". We will meet next week, osati "in next week". Today, tomorrow ndi yesterday nawonso amayenda okha.

For ndi since ndi amene amavuta anthu ngakhale a madigiri. For amayankha funso loti kwa nthawi yaitali bwanji, ndiye amatsatana ndi kuchuluka kwa nthawi: for three hours, for two weeks, for 30 years. Since amayankha funso loti kuyambira liti, ndiye amatsatana ndi poyambira: since Monday, since morning, since 1975. Lilongwe has been the capital since 1975, chaka chimene likulu linachoka ku Zomba, ndipo taonani kuti pali has been, chifukwa since amatanthauza kuti zinthuzo zikupitirirabe mpaka lero. Kamuzu Banda led Malawi for 30 years, from 1964 to 1994, apa nkhani inatha ndiye tagwiritsa for komanso from ndi to. Chimene simuyenera kulemba ndi "since three hours" kapena "since five years", ndipo ndikudziwa kuti timamva zimenezi tsiku ndi tsiku pa mzere wa ku banki koma nzolakwika. During ndi wina, iye amatsatana ndi dzina la chochitika, during the meeting, during the holiday, sanena kutalika kwa nthawi ayi.

By ndi until, apa Chichewa chikhoza kukupulumutsani. Until ndi mpaka, chinthu chikuchitika osaleka kufikira nthawi imeneyo, I will wait until 5. By ndi pofika, kutanthauza kuti nthawi imeneyo isadutse chinthu chisanachitike. Mukaona pa malonda a ntchito alemba kuti applications should reach us by 30 June, akutanthauza kuti pa 30 June ndi tsiku lomaliza, mukhoza kutumiza lero kapena mawa bola lisadutse tsikulo. Ngati mukhoza kuika mpaka m'chiganizo cha Chichewa nkumveka bwino, lembani until, ngati sizikumveka yesani by.

On time ndi kufika pa nthawi yeniyeni imene munagwirizana, in time ndi kufika nthawi ikadalipo zinthu zisanaonongeke. Basi ikanyamuka 7 koloko monga analembera, it left on time. Mukafika nayo kuchipatala ntchembere isanachire panjira, you arrived in time.

Sitepe yachinayi: chotsani oikidwa mwaulere

Iyi ndi sitepe imene ndimaikonda chifukwa simukuphunzira chatsopano, mukungochotsa. Pali aneni ena amene safuna preposition koma ife timawapatsa mokakamiza, ndipo zolakwika zimenezi zafala moti mpaka m'maminitsi a misonkhano ndi m'zolankhula za akuluakulu zimapezeka, munthu nkumaona ngati ndiye Chingerezi chapamwamba. Mfumu yake ndi "discuss about". Timati tikambirane za nkhaniyi, ndiye ka za ako timakasandutsa about, koma discuss ali kale ndi about m'mimba mwake, we discussed the budget basi. Anzake ndi awa: "emphasise on", "request for", "demand for", "order for", "comprise of", "enter into the room", "attend to a meeting", "contact with", "resemble to", "lack of" akakhala mneni. Zoyenera ndi emphasise the point, request a transfer, demand an answer, order food, comprise five members, enter the room, attend a meeting, contact the office, resemble her mother, we lack money.

Chimene chimasokoneza nchakuti mawu omwewa akasanduka dzina amatenga preposition bwinobwino. A discussion about the budget, emphasis on discipline, a request for a transfer, the demand for maize, a lack of money, zonsezi nzolondola. Ndiye khutu linamvapo request for penapake ndipo silikunama, kungoti linamva dzina osati mneni. Kayezedwe kake nkosavuta, ngati kutsogolo kuli a, an, the kapena my ndiye kuti ndi dzina, ikani preposition. Ngati kutsogolo kuli I, we, they, to kapena will ndiye kuti ndi mneni, siyani. I request leave, koma my request for leave.

Titatu tina tongodutsa. Enter into ilipo koma ndi ya mapangano, enter into an agreement, osati chipinda. Attend to iliponso koma imatanthauza kuthandiza munthu, the nurse attended to the patient. Ndipo "cope up with" kulibe, ndi cope with, ka up ako kanachita kusochera kuchokera kwa keep up with ndi put up with.

Sitepe yachisanu: lowezani awiriawiri

Tsopano tafika pamene malamulo amathera. Palibe chifukwa chomveka chimene timanenera good at osati good in, kapena interested in osati interested with, ndi mmene eni ake amayankhulira basi, ngati mmene ife sitingafotokozere mlendo chifukwa chake timati kumwa mankhwala ngakhale ali mapilisi. Ndiye kulimbana ndi kufunsa chifukwa nkutaya nthawi. Chofunika ndi kusiya kuloweza liwu lokha. Musaloweze kuti depend ndi kudalira, lowezani depend on ngati liwu limodzi. Afraid of, proud of, tired of, responsible for, famous for, suffer from, insist on, consist of, comply with, abide by, object to, belong to, zonsezi zilowe m'mutu zitagwirana manja.

Ena amasintha preposition malinga ndi chimene chikutsatira, ndipo awa ndi amene a mayeso amawakonda. Apply to ndi malo, apply for ndi chimene ukufuna, I applied to the college for a place. Apologise to munthu, for chimene walakwa. Agree with munthu, agree to pempho kapena dongosolo. Angry with munthu, angry about nkhani. Thank amatenga for koma congratulate amatenga on, congratulations on your wedding, ngakhale pa Facebook aliyense amalemba for. Amene mumakonda nkhani za kukhoti, munthu amakhala accused of theft koma charged with theft, kenako convicted of theft nkukhala sentenced to five years, mlandu umodzi ma preposition atatu. Result in ndi kubweretsa zotsatira, result from ndi kuchokera, ukasinthanitsa ndiye kuti watembenuza nkhani yonse.

Look yekha ndi banja lonse. Look at ndi kuyang'ana, look for ndi kusakasaka, look after ndi kusamalira, look into ndi kufufuza. Munthu akalemba kuti I am looking after a job pamene akusaka ntchito, wanena kuti akuilera ntchitoyo.

Prefer amatenga to osati than, I prefer tea to coffee, ndipo senior, junior, superior ndi inferior nawonso ndi to. Za borrow ndi lend ndi nkhani yakale koma siitha chifukwa ife timati ndibwereke bolopeni kutanthauza kuti undipatse, ndiye nkumati "borrow me your pen". Borrow ndi kutenga, amayenda ndi from. Lend ndi kupereka, amayenda ndi to. Ukufuna bolopeni ya mnzako, nena kuti lend me your pen kapena may I borrow your pen.

Kalamulo kamodzi kolimba kali pano nkakuti mneni akabwera pambuyo pa preposition amatenga -ing. Good at cooking, tired of waiting, thank you for coming, without asking. Pamene anthu amagwa ndi pa look forward to, chifukwa amaona to nkuganiza kuti ndi to uja wa to go, to eat. Ayi, uyu ndi preposition, ndiye mzere wotsekera kalata uja ndi I look forward to hearing from you, osati "to hear". Ndaonapo makalata okongola kuyambira pamwamba mpaka pansi nkudzagwera pa mzere womaliza umenewu.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: kachitidwe ka tsiku ndi tsiku

Gulani kope laling'ono, kapena tsegulani notsi pafoni ngati kope mumataya. Tsiku lililonse lembani awiriawiri atatu okha, osapitirira, ndipo aliyense mumupangire chiganizo chokhudza moyo wanu weniweni, osati za John ndi Mary za m'buku. I depend on my sister for school fees imakhala m'mutu kuposa chiganizo chokopera chifukwa mukudziwa mchemwali amene mukunena. Muwerenge mokweza kawiri katatu, khutu lizolowere, chifukwa tsiku la intavyu simukhala ndi mpata wokumbukira lamulo, pakamwa pamangotuluka chimene panazolowera.

Mukakayikira, pitani mu dikishonale ya ophunzira, monga za Oxford, Cambridge kapena Longman, zilipo ndi pa intaneti pomwe. Koma musakayang'ane preposition yo, kayang'aneni liwu limene lili kutsogolo kwake. Mukufuna kudziwa ngati ndi accuse of kapena accuse for, tsegulani accuse, mupeza alemba kapangidwe kake konse, pena mofupikitsa ndi sb kuimira somebody ndi sth kuimira something, ndi zitsanzo pansi pake. Anthu ambiri amangowerenga tanthauzo nkutseka, pamene chuma chili pa zitsanzozo. Kuwerenga nyuzi ndi mabuku kumathandizanso koma muzisamala, si chilichonse chosindikizidwa chimene chili cholondola, "discuss about" ndinamuonapo atasindikizidwa bwinobwino ndi zilembo zikuluzikulu.

Mukamaliza kulemba kalata kapena composition, musaiwerenge kuchokera pamwamba chifukwa maso amathamangira nkhani nkudumpha timawu ting'onoting'ono. Yambirani chiganizo chomaliza kubwerera m'mwamba, pensulo m'manja, kuzunguliza preposition iliyonse, ndipo pa iliyonse mufunse mafunso awiri, kodi ikufunikadi, nanga ndi mnzake weniweni wa liwu lili kutsogoloku. Kenako muyang'anenso aneni monga wait, listen, apply, reply, explain ngati simunawasiye okha.

Pa mayeso a kusankha yankho, pamene asiya mpata kuti muikepo liwu, yambani mwayang'ana kumanzere kwa mpatawo. Ngati pali liwu lokhala ndi mnzake wokhazikika monga interested kapena depend, yankho mwalipeza kale, zakumanja zisakusokonezeni. Kumanzere kukakhala kopanda chokuuzani ndi pamene muyang'ane kumanja nkuona ngati ndi malo kapena nthawi.

Tayesani izi musanaone mayankho, mulembe papepala osati kungoganiza m'mutu.

She has worked in Mangochi ___ 2018.
The meeting starts ___ 9 ___ Tuesday morning.
He was congratulated ___ passing the examination.
We arrived ___ Mzuzu late ___ night.
Please submit the form ___ Friday.
I am not used ___ waking up early.
The committee discussed ___ the matter for two hours.

Choyamba ndi since poti 2018 ndi poyambira ndipo pali has worked. Chachiwiri at kenako on, ka morning kasakukokereni ku in chifukwa Tuesday watchulidwa. Chachitatu on. Chachinayi in ndi at. Chachisanu by, ngati munaika until yesani kunena kuti perekani fomu mpaka Lachisanu mumve mmene zikumvekera, ngati kuti munthuyo azingopereka fomu tsiku ndi tsiku. Chachisanu ndi chimodzi ndi to, ndipo taonani waking ali ndi -ing, ndi nkhani yomwe ija ya look forward to. Chomalizacho mpata ndinausiya dala, sipafunika kanthu, ndipo amene mwaikapo about bwererani ku sitepe yachinayi.